Thanki yabiriwira, nsomba sizikuoneka: tithane nazo bwanji ndere?

Okutobala akafika kuno kunsi kwa mapiri a Dedza, zinthu ziwiri sizilephera. Tulo timasowa chifukwa cha kutentha, ndipo madzi aliwonse amene angokhala pamodzimodzi amabiriwira. Mgolo wa kuseri kwa bafa, chomwera nkhuku, chithaphwi cha pamjigo, zonse zimavala ndere. Ife osunga nsomba m'thanki yagalasi pabalaza ndiye timaziona bwino, chifukwa chinthu chimene tinagula kuti chikongoletse nyumba chimasanduka ngati dambo.

Masabata awiri apitawa angapo mwa inu mwanditumizira zithunzi za mathanki anu. Wina ali ku Golomoti, wina ku Mtakataka, wina ndi mlongo wathu amene akugwira ntchito ku Salima. Zithunzi n'zosiyana koma funso ndi limodzi: "Ndigule mankhwala anji?" Yankho langa ndi lakuti dola yanuyo isungeni kaye. Ndere zimakula ndi zinthu ziwiri basi, kuwala ndi chakudya. Mukazimana ziwirizi zimabwerera zokha. Mukathira mankhwala n'kusiya ziwirizi mmene zilili, zimafa Lolemba n'kudzukanso Loweruka.

Za pa YouTube ndi za kwathu kuno

Ambiri tinakopeka ndi mavidiyo a mathanki a madzi amchere, aja okhala ndi makorali owala ngati magetsi a Khirisimasi. Azungu amawatcha reef aquarium. Mukafufuza za ndere pa intaneti, malangizo ambiri amene mupeze ndi a mathanki amenewo: makina ochotsa thovu, madzi osefedwa ndi makina apadera, nsomba za m'nyanja zamchere zodya ndere. Bandulo imatha mukuonera zinthu zimene simungazipeze ngakhale mutazungulira Lilongwe yense.

Ife nyanja yamchere tilibe, koma tili ndi zathu zimene anzathu akunja amazilipira ndalama zambiri. Ndikunena mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala ya Nyanja ya Malawi. Gombe lathu la Dedza ndi lamchenga ndi bango kwambiri, ndiye mbuna zimachuluka kumene kuli matanthwe, monga ku zilumba za Maleri, Thumbi, Domwe ndi Mumbo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, malemu Stuart Grant ankatumiza nsombazi kunja kuchokera ku Kambiri Point, kufupi ndi Senga Bay, moti mpaka pali nsomba ina imene akatswiri anaipatsa dzina lake, Aulonocara stuartgranti. Lero m'masitolo a nsomba ku London kapena ku Johannesburg mupezamo thanki yolembedwa kuti Malawi.

Thanki yanga ndi ya malita 100, yodzaza miyala, ndipo muli mbuna. Zimene ndilembe apa ndi za thanki yotere, ngakhale zambiri zigwiranso ntchito kwa inu osunga goldfish kapena guppy.

Choyamba choti mudziwe n'chakuti kwa mbuna ndere ndi nsima. M'nyanja zimakhalira kupala miyala tsiku lonse, kudya ndere ndi tizilombo tobisala mmenemo. Mano ake ndi milomo yake zinapangidwira ntchito imeneyo. Ndiye mukaona miyala ya m'thanki yavala kaubweya kobiriwira, musathamangire mswachi. Vuto limayamba ndere zikakula mofulumira kuposa mmene nsomba zingadyere, kapena ukabwera mtundu umene sizidya.

Ndere zimadya chiyani?

Amene munakulira kumunda mukudziwa zilembo za pa thumba la feteleza wa NPK. N ndi P zomwe zija, zimene zimabiriwitsa chimanga, ndi zimenenso zimabiriwitsa thanki. Funso n'kumati, fetelezayo akulowa bwanji m'nyumba?

Akulowa ndi dzanja lanu, nthawi yodyetsa. Nsomba ikadya imatulutsa ammonia kudzera m'makha ndi m'ndowe. Chakudya chotsala chikawola chimatulutsanso ammonia yemweyo pamodzi ndi phosphate. Mu sefa ya thanki mumakhala mabakiteriya abwino amene amasandutsa ammonia kukhala nitrite, kenako nitrate. Ammonia ndi nitrite amapha nsomba msanga, pomwe nitrate ndi wofatsirapo. Koma nitrate sapita kulikonse. Amangounjikana, sabata ndi sabata, kudikira kuwala.

Kuwala ndiye tisakambe. Dzuwa la kuno si lamasewera, paja n'chifukwa chake ku Golomoti anamangako malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Dzuwa lomwe likudyetsa mapanelo amenewo ndi lomwe likulowa pawindo lanu masana. Thanki ya pawindo imaoneka bwino pachithunzi, eya, koma walira mvula walira matope.

Pali kachinthu kenanso kamene ambiri sitikaganizira. Kukatentha, madzi a m'thanki amaphwera, ife n'kumangothiramo ena kuti idzaze. Taganizirani ndiwo zili pamoto: msuzi ukamaphwera mchere suchoka, umangowawirawawira. Ndi mmenenso zilili ndi nitrate. Chimene chauluka ndi madzi okha, zinyalala zatsala. Kuwonjezera madzi ndi kusintha madzi ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Yang'anani kaye kuti ndi ndere zanji

Musanachite chilichonse, yandikirani galasi muone bwinobwino.

Ngati ndi fumbi lofiirira ngati la msewu, lochoka mukangopukuta ndi chala, ndipo thanki yanu ndi yatsopano, mtima pansi. Zimenezo zimabwera m'miyezi yoyambirira ndipo nthawi zambiri zimatha zokha thanki ikakhazikika.

Ngati ndi timadontho tobiriwira tokakamira pagalasi, kapena ubweya waufupi pamiyala, palani galasi lakutsogolo lokha, za pamiyala muzisiyire eni ake.

Ngati ndi ulusi wautali ngati mesh yakale, wokola m'miyala ndi m'payipi, ndiye kuti chakudya ndi kuwala zachuluka. Umenewu umafunika kuzula ndi manja.

Ngati madzi enieniwo ndi amene abiriwira, moti nsomba mukuziona ikafika pagalasi pokha, ndi tindere tating'onoting'ono toyandama. Sefa wamba satigwira, ndipo kusintha madzi kokha sikutitha chifukwa timaswana mofulumira kwambiri.

Koma ngati ndi chinthu chonanda, chobiriwira modera, choyala pamchenga ngati chikopa, chosendeka chonse pamodzi ndiponso chonunkha ngati matope a m'chithaphwi, chenjerani. Amenewo ndi mabakiteriya otchedwa cyanobacteria, angofanana ndi ndere maonekedwe. Nsomba siziwafuna, ndipo mitundu ina imatulutsa poizoni. Mu 2020 njovu zoposa 300 zinafa ku Botswana, ndipo boma la kumeneko linati chinazipha ndi poizoni wa mabakiteriya amenewa m'zithaphwi zimene zinkamwamo. Sindikuti thanki yanu ingaphe njovu, koma mukagwira zimenezi sambani m'manja ndi sopo, ndipo mwana asaseweretse madziwo.

Imfa imabwera m'bandakucha

Wina anganene kuti, aa, kubiriwira kokhako, nanga n'chiyani? Nkhani ili pa mpweya. Masana ndere zimatulutsa okosijeni, ngati mmene umachitira mtengo. Usiku zimasiya kutulutsa, n'kuyamba kupuma okosijeni yemweyo limodzi ndi nsomba ndi mabakiteriya. Pofika 4 koloko m'mawa mpweya umakhala utatsika kwambiri.

Tsono wonjezeranipo kutentha. Madzi a madigiri 20 amasunga okosijeni pafupifupi mamiligalamu 9 pa lita, koma a madigiri 30 amasunga pafupifupi 7.5 basi, pomwe thupi la nsomba limafuna wochuluka kukatentha. Ndiye magetsi athime pakati pa usiku, pampu izime. Mudzadzuka n'kupeza nsomba zonse zili pamwamba, zikuyasama ngati zikuyimba kwaya, zikuluzikulu zija zitagona kale chagada. Zimene munazisamala chaka chathunthu zimatha usiku umodzi.

Mukaona nsomba zikuyasama pamwamba, musadikire kuche. Tungani madzi a m'thanki momwemo ndi jagi n'kumawathira kuchokera m'mwamba, mobwerezabwereza, kuti avunduke. Ndipo ngati pali chinthu chimodzi choyenera kugula pa nkhani yonseyi, ndi kapampu ka mpweya koyendera USB, kamene mungakalumikize ku power bank yomwe mumatchajira foni.

Ntchito ya masabata anayi

Yambani ndi kuwala. Ngati dzuwa limagunda thanki nthawi ina iliyonse ya tsiku, isunthireni pakhoma lamkati, mutachotsamo madzi ndi miyala kaye, chifukwa lita imodzi ndi kilogalamu imodzi ndipo galasi silinyamulidwa lili lodzaza. Zikakanika kusuntha, matani katoni kumbuyo ndi m'mbali. Getsi la thanki liziyaka maola 6 patsiku mpaka zinthu zitakhala bwino, kenako musapitirire 8. Muziliyatsa madzulo mukakhala pakhomo, chifukwa getsilo ndi la maso anu. Nsomba kuwala kwa m'chipinda kumazikwanira.

Kachiwiri, chepetsani chakudya. Kamodzi patsiku, chongokwanira kutha m'mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo tsiku limodzi pa sabata zigone ndi njala. Sizifa ayi. Mbuna ndi akatswiri opemphetsa, zimathamangira pagalasi ngati sizinadye chiyambire Pasaka, koma musazimvere. Matumbo ake ndi aatali, oyenera zamasamba, ndipo zakudya zamafuta zimazitupitsa mimba, matenda amene osunga nsomba dziko lonse amangowatchula kuti Malawi bloat. Katsamba ka mpiru kapena ka nkhwani koviika m'madzi otentha kamazikwanira bwino, bola muchotse chotsala pakatha maola ochepa.

Apa mpofunika msonkhano wa banja. Kwathu ana a achemwali akabwera kutchuthi, aliyense amafuna aponyemo kambamu ka nsima kuti aone nsomba zikulimbirana. Agogo nawonso amati, "Mwana iwe, tinsombati ukutimana bwanji?" Ine ndimayeza chakudya cha tsikulo m'kachivindikiro ka botolo m'mawa. Wofuna kudyetsa atenge mmenemo, chikatha chatha.

Kachitatu, zulani ndi manja. Galasi palani ndi khadi yakale ya ATM. Ulusi uja kulungani pa mswachi ngati mukupota chingwe. Miyala yoipitsitsa itulutseni, muitsukire m'beseni ndi mswachi wosakhudzapo sopo. Chitani zimenezi musanasinthe madzi, kuti zonse zimene zagwa zituluke nawo.

Kachinayi, sinthani madzi. Pa thanki ya malita 100, chotsani malita 30, ndiye kuti ndowa imodzi ndi theka ya malita 20. Pa masabata awiri oyamba chitani kawiri pa sabata, kenako kamodzi mpaka kalekale. Gwiritsani kapayipi kokoka madzi, kukamwa kwake kuzifufuza mumchenga ndi kunsi kwa miyala kumene ndowe zimabisala. Osachotsa madzi onse nthawi imodzi, nsomba zimadzidzimuka.

Madzi olowa nawo asankheni. A pampopi agone m'ndowa yosavindikira usiku ndi usana kuti klorini auluke. Amene mwathira WaterGuard ndi akumwa anthu, m'thanki asayandikire. A mvula okhaokha sayenera mbuna, chifukwa madzi a m'nyanja yathu ali ndi michere yambiri ndipo pH yake imakhala cha pa 8. A pamjigo nthawi zambiri amakhala bwino, koma a pachitsime chosazama cha pakati pa madimba amatha kubwera ndi feteleza wake kale. Ngati mukusintha madzi mokhulupirika koma ndere sizikugonja, yesani kutunga kwina. A mumtsinje, kaya Nadzipokwe kaya Livulezi, asiyeni, makamaka mvula ikayamba.

Kachisanu, sefa. Siponji yake muziifinyira m'madzi amene mwachotsa m'thanki, osati pampopi, ndipo osati mpaka iyere mbee. Litsiro lofiirira lija ndi mudzi wa mabakiteriya amene akukugwirirani ntchito ulele.

Kwa inu a madzi obiriwira ndi a chikopa chonunkha chija, pali njira inanso: mdima. Sinthani madzi, zimitsani getsi, phimbani thanki mbali zonse ndi makatoni kwa masiku atatu, osadyetsa, osasuzumira. Nsomba zipirira, ndere sizipirira. Koma m'nyengo ino musaphimbe ndi bulangete, siyani mpata pamwamba kuti mpweya uzipita, ndipo pampu isazime. Tsiku lachinayi sinthaninso madzi kuti zakufazo zituluke.

Sabata yoyamba mudzaona ngati palibe chikusintha. Yachiwiri mudzazindikira kuti galasi likutenga masiku ambiri lisanade. Pofika yachinayi miyala idzayamba kuoneka mtundu wake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Izi zokha musayerekeze

Jik, sopo ndi mankhwala a m'munda zisayandikire thanki. Ngakhale mankhwala enieni ophera ndere ali ndi msampha wake: ndere zikafa zonse nthawi imodzi zimawola, kuwolako kumadya okosijeni, ndipo chakudya chonse chimene zinameza chimabwerera m'madzi kudikira gulu lotsatira.

Mavidiyo adzakuuzani kuti muikemo nkhono zodya ndere. Kumeneko n'kwawo. Kuno nkhono zina za m'nyanja ndi m'madambo, za mtundu wa Bulinus, ndi zimene zimasunga tizilombo ta likodzo, ndipo tizilomboto timalowa pakhungu. Simungatole nkhono kugombe n'kuziika m'madzi amene mumapisamo mkono sabata iliyonse.

Ndipo mukatopa nazo nsomba, mpatseni mnzanu. Osakazitaya mumtsinje kapena m'nyanja. Nsomba yachilendo ikalowa m'nyanja situlukanso, ndipo malamulo athu a zausodzi saloleza zimenezo. Kumbukiraninso kuti zilumba ndatchula zija zili mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Mbuna za mmenemo n'zotetezedwa, sizogwira ndi neti ya udzudzu pa ulendo wa ku Cape Maclear.

Thanki, damu ndi nyanja

Mukafotokozera mlimi wa nsomba vuto lanuli akhoza kukusekani. Iye amathira dala manyowa a nkhuku kapena a mbuzi m'damu kuti madzi abiriwire, chifukwa makumba ndi chambo zimadya tindere toyandama tomwe inu mukulimbana nato. Koma naye ali ndi muyezo. Alangizi amaphunzitsa kupisa mkono m'madzi mpaka m'chigongono. Chikhatho chikamaoneka bwinobwino, manyowa achepa. Chikasowa mkono usanafike m'chigongono, achuluka, asiye kuthira. Masamu ake ndi omwewo: chakudya cholowa chifanane ndi pakamwa podya.

Pakamwa pakachepa zimatha moipa ngakhale m'nyanja zikuluzikulu. Ku Jamaica, asodzi atatha nsomba zodya ndere, ntchito yopala makorali inatsalira tinyama taminga ngati nungu totchedwa sea urchin. Mu 1983 matenda anapha pafupifupi tonse. Katswiri wina, Terence Hughes, analemba mu 1994 kuti makorali amene ankaphimba malo opitirira theka anatsika kufika pansi pa 5 pa 100 alionse, ndere n'kulanda malo opitirira 90 pa 100. Ku Nyanja ya Victoria nako, madzi atada chifukwa cha nthaka ndi zinyalala zochokera kumtunda, ofufuza anapeza kuti abale a mbuna akutaya mawanga. Zazikazi zimasankha mwamuna poona mtundu wake, ndiye m'madzi akuda zimangokwatirana chisawawa, mitundu n'kusakanikirana.

Tsono yang'anani kwathu. Mukamatsika Khwekhwerere muone mapiri mmene ayerera, ndi matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa msewu. Mvula yoyamba ikagwa, nthaka ya pamenepo ndi feteleza wa m'minda zimatsika ndi mitsinje, kudutsa m'chigwa cha Bwanje, ulendo wa kunyanja. Linthipe naye amasenza zake kuchokera kumtunda kwa Dedza mpaka ku Salima. Nyanja yathu ndi yakuya mamita pafupifupi 700, koma khomo lotulukira ili nalo limodzi, Shire, ndipo madzi ake ambiri amachoka ngati nthunzi. Mwaiona nkhani ya msuzi ija? Nyanja ndi thanki imene timangowonjezera madzi. Palibe amene angabwere ndi ndowa Loweruka kudzachotsa malita 30 pa 100 alionse. Chimene chalowa chimakhala zaka mazanamazana, ndipo njira yokhayo ndi kuchepetsa cholowacho: mitengo m'mapiri, udzu ndi bango m'mbali mwa mitsinje, khasu kutali ndi gombe.

N'chifukwa chake madzi amene mwachotsa m'thanki musawathire m'ngalande. Kathirireni tomato kapena mpiru kuseri kwa nyumba, ndi feteleza waulere ameneyo. A chikopa chonunkha chija okha ndi amene muwakumbire kadzenje kutali ndi nkhuku.

Amene munanditumizira zithunzi, jambulaninso thanki yanu lero, muyambe ntchitoyi, ndipo pakatha masabata anayi mujambule pamalo omwewo, nthawi yomweyo. Nditumizireni zonse ziwiri, zabwino ndi zokanika zomwe, tidzaunikire limodzi. Sabata yamawa tikamba za mbuna yaikazi imene yasiya kudya ndipo masaya atupa. Musaipatse mankhwala, mwina yafungatira ana m'kamwa.